Mmene mneni wa ma Viking anandivulira thalauza pa ukwati wa eni

Pa aneni onse a m'Chingerezi, amene ndimamupatsa ulemu kwambiri masiku ano ndi "take". Ndi kamawu ka zilembo zinayi, mwana wa Sitandade 3 amakadziwa, ndipo mukamufunsa tanthauzo lake amayankha asanaphethire n'komwe kuti ndi kutenga. Sakunama mwanayo. Koma mukatsegula Oxford English Dictionary, mtanthauziramawu wamkulu uja, mupeza kuti mneni ameneyu ali m'gulu la mawu amene malongosoledwe ake ndi aatali koposa, pamodzi ndi "set", "run" ndi "go", ndipo matanthauzo ake ndi mazana angapo. Ine ndinkaphunzitsa Chingerezi ku sekondale ndisanabwere kuno ku Leeds, mzinda wa m'dera la Yorkshire kumpoto kwa England, ndipo ana a Folomu 4 ndinkawalowezetsa "take after", "take off", "take over", "take in" ndi "take up" mpaka ena kumabwebweta nazo kutulo. Ndiye musaganize kuti zimene ndikuuzenizi zinagwera mbuli.

Mwana wa mlamu wanga ankakwatiwa, ndipo a komiti ya ukwati anandisankha kuti ndikayendetse mwambo ku holo. Akuti ndine ndekha amene ndingathe kudumpha kuchoka pa Chichewa kupita pa Chingerezi osapunthwa, popeza akuchimuna anali azungu a ku Yorkshire konkuno. Ntchito yotere imafuna suti. Ndinaipeza m'shopu ina mwa zija amagulitsamo zovala zakale pofuna kuthandiza ovutika, kaunjika wa kuno, kungoti wopachika pa mahang'ala. Inali yaubweya weniweni, yabuluu woderako, yosaoneka kuti munthu anaivalapo. Jekete linali saizi 42 ndipo linandikwana bwinobwino. Thalauza ndiye linali mainchesi 36 m'chiuno, chifukwa masuti osokeratu nthawi zambiri amawapanga choncho: mukachotsa 6 pa saizi ya jekete, mwapeza chiuno cha thalauza lake. Ine chiuno changa ndi 33. Mapewa ndili nawo, mimba ndilibe, ntchito yotembenuza okalamba usiku inaimaliza. Kutalika kwa mwendo, kuyeza kuchokera m'mphechepeche mpaka pansi, kunali 32, ndendende kwanga. Vuto linali limodzi basi: mainchesi 3 a m'chiuno, omwe ndi masentimita 7.6.

Kwathu nkhani yotere sichedwa. Umangopita pakhonde la golosale pamene pali atelala n'kunena kuti, "Abambo, mundibwezereko m'chiunomu." Iwo amakuzunguliza tepi, n'kulemba ndi choko, iwe n'kukhala pabenchi kudikira. Ikakhala nkhani ya kutalika umati mundidulireko miyendo, kapena mundipindireko. Aneni ake ndi osiyana, sungawasokoneze ngakhale utaledzera. Mngerezi sanachite choncho. Ntchito zinayi za telala anazipachika pa aneni awiri okha, "take" ndi "let", n'kusiyira timawu ting'onoting'ono tobwera pambuyo kuti tizinena kumene sizasi ikalowere. "Take in" ndi kubweza m'mbali kuti chovala chithine. "Let out" ndi kumasula msoko kuti chikule. "Take up" ndi kufupikitsa, kukweza mpendero m'mwamba. "Let down" ndi kutsitsa mpenderowo kuti chovala chitalike. Ziwiri zoyambazo ndi za kunenepa, ziwiri zinazo ndi za msinkhu.

Ife m'Chichewa mneni timamusintha pomumata zinthu kumchira: kutenga, kutengera, kutengeka, kutengana, kutengetsa. Mwana akafanana ndi bambo ake timati watengera, Mngerezi amati "take after". Munthu akanamizidwa ndi wogulitsa mankhwala a chuma timati watengeka, Mngerezi amati "taken in". Nzeru yake ndi imodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti zathu n'zomatirira ku tsinde, sizingagwe panjira, pamene timawu tawo timayenda patokha, ndipo munthu ukakhala ndi tulo ungathe kutola kena m'malo mwa kanzake pakamwa osamva kuwawa.

Thalauzalo ndinapita nalo kwa mayi wina wachikulire wosoka chakufupi ndi msika wa Kirkgate, ndikuchokera ku ntchito ya usiku, maso ali psuu. Leeds ndi mzinda wa atelala kuyambira kale. Fakitale ya masuti ya Montague Burton pa Hudson Road inkalemba anthu masauzande ambiri, ndipo agogo ambiri a kuno anakulira pa makina. Awa analinso a mtundu womwewo: magalasi pamphuno, tepi m'khosi, mapini kukamwa.

Atalitambasula patebulo, anandilozera kachipinda kotchinga ndi nsalu kuti ndikalivale, andiyeze ndili momwemo. Ndiyo njira yake, ndipo telala aliyense wodziwa ntchito amaumirira pamenepo. Uvale thalauzalo, uvalenso nsapato zimene udzavale tsikulo, uimirire mowongoka osakoka mimba, iye atsine nsalu yotsalayo kumbuyo n'kubaya mapini. Mapiniwo ndiwo amayankhula, pakamwa pako pasavutike. Ine ndinakana. Chifukwa chake sindinawauze, koma inu ndikuuzani. Kunja kunali chisanu choswa mafupa, ndipo mkati mwa yunifolomu ndinali nditavala taiti ya mayi a kunyumba, ija yomata thupi yofika mpaka mu akakolo, ya mawanga a kambuku. Imafunda kwabasi, ndipo ndikukhulupirira kuti si ine ndekha mwamuna wa kwathu amene amapulumukira momwemo, kungoti anzanga sanena. Tsono nsalu yotchinga kachipindako inali yolekeza m'mawondo.

Choncho ndinaima chapatali n'kulamula ndi mawu a m'kalasi: "Take it up three inches, please."

M'mutu mwanga zinali zomveka bwinobwino. Thalauza linkagwa, linkapita pansi. Ine ndinkafuna lizikhala m'mwamba. Ndiye "up".

Mayiwo anandiyang'ana kumapazi, n'kuyang'ana thalauza, n'kundiyang'ananso kumapazi. "Tek it up? Three inches, love?" Anthu a ku Yorkshire satchula mneniyu mokoka ngati owerenga nkhani pa BBC, amangoti "tek", ndipo aliyense amamuitana kuti "love", kaya akhale bishopu.

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mayiwa apa ankanditsina khutu ndithu. Koma khutu lomwelo linali litakodwa kale pa "tek" uja, mphunzitsi wa mkati mwanga n'kudzuka. Ndinawafunsa ngati akudziwa kumene mawu amenewa anachokera. Anapukusa mutu. Ndinatula chikwama pansi.

Ndinawauza kuti "take" si mbadwa ya m'Chingerezi, ndi mlendo wobwera pa bwato. Angerezi akale, a nthawi ya Mfumu Alfred, akafuna kunena kutenga ankati "niman", mbale wake wa "nehmen" wa m'Chijeremani ndi "nemen" wa m'Chidatchi, amene kwawoko akugwirabe ntchito mpaka lero. "Take" anabwera ndi anthu a ku Scandinavia, ma Viking, amene m'chiyankhulo chawo ankati "taka". Mu 793 anafunkha nyumba ya amonke pa chilumba cha Lindisfarne. Poyamba ankangobwera kudzalanda n'kubwerera kwawo, koma mu 865 kunafika chigulu cha nkhondo chosaganizanso zobwerera, ndipo mu 866 chinalanda York, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera pamene tinaimapo. Alfred atagonjetsa mtsogoleri wawo Guthrum mu 878, dziko anachita kugawana, mbali yaikulu ya kumpoto ndi kum'mawa n'kukhala pansi pa malamulo a alendowo, dera lija limatchedwa Danelaw. Anakhazikika, anagwira makasu, anakwatira ana a eni mudzi. Ziyankhulo ziwirizo zinali zapachibale, moti pamsika ankamvanako ndithu, ndipo mawu a alendo analowa mpaka kukhitchini ndi kuchipinda: "egg", "knife", "window", "leg", "skin", "husband", ngakhalenso "they", "them" ndi "their". Ndinalozanso panja. "Gate" wa mu Kirkgate si geti la pampanda ayi, ndi "gata", kutanthauza msewu. Kirkgate ndi msewu wa ku tchalitchi, Briggate ndi msewu wa ku mlatho. Mayina ambiri othera ndi "by", monga Grimsby, Whitby ndi Derby, ndi mapazi a anthu omwewo.

Mayiwo anachotsa pini imodzi kukamwa, n'kunena kuti zimenezi n'zosangalatsa kwambiri, koma kodi za mainchesi 3 zija ndatsimikiza?

Ndinati ndimalize kaye. M'zolembedwa, mneniyu akuyamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1000, ndipo ntchito yake yoyamba inali ya dzanja: kugwira, kulanda, kugwira munthu ukaidi. M'Chigothiki, chiyankhulo china chapachibale chimene chinafa kalekale, "tekan" kunali kukhudza. Kwa zaka mazana angapo "take" ndi "niman" anakhala nyumba imodzi, mlendo akutambasula miyendo pang'onopang'ono kuchokera kumpoto kutsikira kummwera, mpaka pofika cha m'ma 1500 mwini nyumba anali atagona panja. Kuchoka pa kugwira ndi dzanja, mneniyo anafalikira ku kulandira, kumeza, kukwera, kujambula, kupirira. Mankhwala amene ife timamwa, ngakhale akhale mbulu wouma gwa, iwo amachita "take", ndipo Mmalawi aliyense wogwira ntchito yosamalira okalamba anasekedwapo tsiku loyamba atauza gogo kuti amwe mapilitsi ndi "drink". Basi imene ife timakwera, "take". Chithunzi, "take". Shuga wa mu tiyi, "take". Mpando, "take", koma musaunyamule, mungokhalapo. Ndipo popeza ndinali m'shopu ya zosoka, yokoma ndinawasungira kumapeto: "shirt" ndi "skirt" anachokera ku mawu amodzi. Woyambayo ndi wa Angerezi eni ake, wachiwiriyo ndi wa ma Viking, onse ankanena chovala chachifupi, ndipo ndi abale ake a "short". Ife tinabwereka onse awiri, shati ndi siketi, mwamuna kwake mkazi kwake.

"Short," anatero mayiwo akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Aye."

Kenaka anandifunsa funso lomaliza, lakuti nsalu yotsalayo aisiye mkati kapena adule. Funso limeneli ndi lofunika kuposa mmene limamvekera. Telala akamafupikitsa mwendo wa thalauza ali ndi njira ziwiri. Angathe kupindira nsalu yonse mkati, mpendero n'kukhala waukulu ndi wolemerako, koma tsiku lina mutasintha maganizo n'zotheka kuutsitsanso. Kapena angathe kudula, n'kungosiya inchi imodzi ndi theka yopindira, mpendero n'kuoneka waukhondo, koma chimene chadulidwa chapita ku bini. Ine m'maganizo mwanga ndinkaona chinsalu cha mainchesi 3 chitaunjikana kumbuyo, pamwamba pa matako, chikutukumula jekete pamaso pa anthu. Ndinati adule chonse, asasiye kanthu. Analemba pa kapepala, n'kundipatsa. Ndinakaika m'thumba osawerenga. Wowerenga timapepala ta atelala ndani?

Suti anakatenga mayi a kunyumba Lachisanu, ili m'chipepala cha pulasitiki. Ananena kuti ndiiyese. Ndinati zoyesayesa n'za anthu okayika. Loweruka m'mawa ndinaweruka ntchito, n'kugonako pang'ono, n'kupita ku holo ndi thalauza la yunifolomu lija la labala m'chiuno, suti ili paphewa, kuti ndikavalire komweko isakwinyike m'basi. Pakhomo anandifunsa kuti, "Bambo a mwana, lamba mwatenga?" Ndinawayankha kuti suti yobwezedwa bwino sifuna lamba, lamba amangodula munthu pakati.

M'chimbudzi cha ku holo ndinalowetsa miyendo, n'kukweza, n'kutseka zipi, n'kumanga batani, n'kusiya. Thalauza linatsetsereka mwaulemu mpaka kukakhazikika pa mafupa a m'chiuno. Ndinati mwina pali kabatani kena kamkati kamene sindinakaone. Panalibe. Ndinalikokera m'mwamba pa mchombo, pamene thalauza la suti limayenera kukhala, n'kuyang'ana pansi. Nsapato zinali uko, mpendero uli uku, ndipo pakati pake panali dziko lopanda mwini: masokosi aafupi aja othera pa kakolo, kenaka kambuku.

Chiuno chinali 36 monga kale. Mwendo unali 29.

Ndisanaganize n'komwe zovula taiti, chitseko chinagogodedwa mwamphamvu. Anali mlamu wanga, bambo a mkwatibwi, munthu wamfupi wa kamimba kake. "Alamu, mwagona m'menemo? Akwati afika pageti!" Ndinakwinyira taiti ija m'mwamba mpaka m'mawondo mwachangu, n'kutsegula dzanja limodzi lili pachiuno. Anandiyang'ana kuyambira kutayi kutsika, maso n'kukaima pa misongolo.

"Alamu, kodi kumene mwachokerako kwasefukira?"

Ndinawapempha lamba. Anati wawoyo akachoka ndiye kuti tigwa awiri. Anathamangira kwa mnyamata woimba nyimbo n'kubwera ndi chingwe cha chaja ya foni. Kwa amene mudzapezeke m'mavuto oterewa, dziwani izi. Chingwe cha chaja wamba chimakhala cha mita imodzi, omwe ndi mainchesi 39. Mukachilowetsa m'timalupu ta thalauza n'kukoka mpaka pa 33, kumatsala mainchesi 6 okha omangira mfundo, 3 mbali iliyonse, ndipo kumapeto konse kuwiri kuli timitu touma tosapindika. Mfundo imatheka imodzi yokha. Choipa kwambiri n'chakuti pulasitiki saluma mnzake monga umachitira ulusi kapena nsalu. Imaoneka yolimba poimanga, koma mukamapuma, mimba ikamakwera ndi kutsika, mfundoyo imamasuka pang'onopang'ono osakuuzani. Kukanakhala kuganiza, tayi ya pakhosi ikanagwira bwino kuposa chingwe chimenecho, ngakhale mapini awiri obaya kumbuyo.

Gawo loyamba la mwambo linayenda bwino, chifukwa ndinatulukira kuti mavuto anga awiri aja ankalipirana ngongole. Ndikalola thalauza kutsika mpaka pa mafupa, mpendero unkatsikanso ndi mainchesi ngati 2, n'kutsala pang'ono kukhudza nsapato. Mtengo wake unali wakuti pakati pa miyendo pankalendewera, ndiye ndinkayenda timasitepe tating'onoting'ono, ndipo anthu ankati ndi ulemu. Ndinalandira akwati, ndinaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndinamasulira pemphero la abusa, ndinamasuliranso mawu a bambo a mkwati, chigongono cha kumanzere chitakanikiza chiuno nthawi yonseyi. Amayi ena a kumpingo ndinawamva akunong'onezana kuti aphunzitsi Chingerezi chinawakhala.

Kenaka inakwana nthawi ya perekani-perekani.

Kwathu, munthu amapita patebulo la osintha ndalama n'kuphwanya ndalama yaikulu kuti akhale ndi zambiri zoponya akuvina. Kuno ku England ndalama yapepala yochepetsetsa ndi £5, ndipo palibe Mmalawi wolipira lendi amene angaponye ma £5 nyimbo yonse. Ndiye a komiti anakatenga ndalama zachitsulo za £1 ku banki, zija amaika m'timatumba ta pulasitiki ta £20 kamodzi. Mayi msungichuma, poona kuti patebulo pawo pachuluka anthu, anabwera n'kundilowetsa timatumba tinayi m'matumba a thalauza, tiwiri uku tiwiri uku, kuti ndizisinthira anthu pabwalo pomwepo. Ndalama imodzi ya £1 imalemera magalamu 8.75. Timatumba tinayi ndi ndalama 80, ndiye kuti magalamu 700. Ndinamva chingwe cha chaja chikudandaula.

Akuchikazi anavina, a kumpingo anavina, anzake a mkwatibwi a kuntchito anavina. Nditaitana akuchimuna, azungu aja anaimirira mwaulemu, ndalama zili m'manja, n'kupanga mzere ngati ali pa positi ofesi. Woyamba anafika, n'kuika ndalama yake m'beseni mwakachetechete, n'kunena zikomo, n'kubwerera kukakhala. Holo yonse inazizira. Mlamu wanga anandikodola ndi maso kuti alamu chitanipo kanthu.

Ndinawafotokozera pa maikolofoni kuti kwathu ndalama sapereka ngati msonkho, amavina nayo, amaionetsa, amaiponya imodziimodzi. Anangondiyang'ana. Ndinaona kuti apa mpofunika chitsanzo, monga mphunzitsi aliyense amadziwira. Ndinauza mnyamata uja kuti akweze nyimbo. Maikolofoni kudzanja lamanja, beseni kudzanja lamanzere, ndinakweza manja onse awiri m'mwamba, n'kudula chiuno kamodzi kumanja, kamodzi kumanzere.

Munthu ukakweza manja onse m'mwamba, mimba imalowa mkati ndipo chiuno chimachepa. Zimenezi telala aliyense amazidziwa, n'chifukwa chake poyeza amati manja akhale pansi. Mfundo ija inali itafika kale kumapeto a moyo wake. Magalamu 700 anachita ntchito yawo. Thalauza silinatsetsereke ngati poyamba paja, linachita kugwa, kamodzin'kamodzi, mpaka pa nsapato, ndalama n'kulira pansi kuti khwehwe. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, akakolo anga anabisika.

Jekete la suti limathera pamatako. Kuchokera pamenepo mpaka m'mawondo, alendo onse a mbali ziwiri, abusa ndi akazi awo, ankhoswe, ndi mafoni onse amene ankajambula, anaona kambuku.

Mnyamata wa nyimbo, m'malo mokweza kuti anthu asokonezeke, anazimitsa. Holo inangoti zii. Ine ndinangoti kakasi, manja akadali m'mwamba, chifukwa kuti nditsitse ndinayenera kusankha chogwetsa, beseni la ndalama za eni kapena maikolofoni yobwereka. Thupi lonse linagwidwa dzanzi. Ndipo taonani mmene mutu wa mphunzitsi ulili wopanda ntchito: pa nthawi imeneyo chimene chinandibwerera n'chakuti dzanzi pa Chingerezi ndi "numb", ndipo "numb" ndi mwana wamasiye wa "niman" uja anathamangitsidwa ndi ma Viking. Anachokera ku "numen", kutanthauza wotengedwa, wogwidwa, monga ifenso timanenera kuti wagwidwa dzanzi. Chilembo cha b anachita kumuwonjezera pambuyo pake ndipo satchula. "Nimble", kutanthauza wochangamuka, wofulumira kugwira, ndi wa banja lomwelo, koma ameneyo tsiku limenelo sanabwere.

Amene anaswa bata anali azakhali a mkwati, gogo wa tsitsi loyera, wovala chipewa cha nthenga. Iwo anali atamva bwino kuti ndikuonetsa mwambo wa kwathu, ndiye anaganiza kuti apa ndiye pachimake pake. Anaomba m'manja, n'kutsegula kachikwama, n'kubwera akuvina pang'onopang'ono, n'kuponya £20 yapepala m'beseni. Akuchimuna onse anakhamukira kutsogolo. Anyamata ena kumbuyo, amene anali atayamba kale kumwa, anayamba kukuwa kuti "Take it off!", lomwe ndi tanthauzo linanso, lakuti vula, ngakhale kuti "take off" yemweyo ndi kunyamuka kwa ndege, chinthu chimene ndikanakonda kwambiri pa nthawiyo. A kwathu anali atagwa m'mipando. Mlamu wanga anali atagwira khoma, misozi ili chuchuchu. Mayi msungichuma, munthu wosatengeka, ankangotola ndalama zimene zinkagubuduzika kuchokera m'matumba anga.

Mayi a kunyumba anadutsa pakati pa anthu osathamanga, akumasula chitenje cha yunifolomu ya ukwati chimene anamanga pamwamba pa diresi. Anandizunguliza nacho m'chiuno, n'kumanga mfundo yeniyeni ya nsalu, n'kuwerama ngati akukonza m'munsi, n'kunena motsitsa mawu koma pafupi kwambiri ndi maikolofoni:

"Bambo a mwana, taiti imeneyi ndaifunafuna nyumba yonse."

Mwambo ndinaumaliza ndili m'jekete, tayi ndi chitenje. Amalume a mkwati anabwera kudzandigwira chanza, n'kufunsa ngati chimenechi ndicho chovala cha fuko lathu, ndipo ngati angachipeze kuti. A komiti akuti gawo la akuchimuna ndilo linabweretsa ndalama zambiri kuposa magawo ena onse.

Lolemba ndinapita kwa mayi wosoka uja nditakonza mawu aukali m'Chingerezi chabwino. Ndili m'basi ndinapisa m'thumba la yunifolomu kufuna tikiti, n'kutulutsa kapepala kaja. Panalembedwa kuti "take up 3 in, cut". Mawu aukali aja ndinatsika nawo pa siteji n'kuwasiya pomwepo.

Mayiwo sanaseke, ngakhale mapini a kukamwa ankanjenjemera. Anatembenuza mwendo wa thalauza n'kundionetsa chimene chinatsala. Mpendero unali ndi inchi imodzi ndi theka. Angathe kuumasula wonse, n'kusokerera kansalu kena mkati kuti kakhale kopindira, mpendero wabodza, n'kupeza inchi imodzi ndi kota. Mzere wa popinda pakale ukanachoka ndi nthunzi ya simbi, popeza ubweya umamva nthunzi ndipo mzerewo unali usanakhalitse. Koma 29 kuwonjezera inchi ndi kota ndi 30 ndi kota, ine ndikufuna 32. Za m'chiuno anati ngakhale ndikanalankhula bwino tsiku loyamba lija, mainchesi 3 sakanawachotsa malo amodzi. Pa msoko wapakati wakumbuyo amabweza mainchesi 2 basi. Mukapitirira pamenepo matumba awiri akumbuyo amayandikana mpaka kufuna kupsompsonana, ndipo misoko ya m'mbali imakokekera kumbuyo, matumba a m'mbali n'kumayasama. Inchi yotsalayo amaichotsa m'mbali, theka uku theka uku, ndipo kuti atero ayenera kumasula lamba wa nsalu wa m'chiuno yense n'kumubwezeretsanso. Atawerengera zonse, mtengo wake unaposa umene ndinagulira suti yonse, ndipo mapeto ake likanakhalabe thalauza lalifupi.

Ndikulipinda kuti ndizipita, anachotsa mapini onse kukamwa n'kundifunsa mwaulemu kwambiri kuti, popeza ndimadziwa kumene mawu amachokera, nanga "mistake" anachokera kuti?

Funso la wophunzira silibwezedwa. Ndinawauza kuti nayenso ndi wa ma Viking, "mistaka", kutenga cholakwika, kutola ichi m'malo mwa icho. Anati zikomo, aphunzirapo kanthu.

Lamlungu lotsatira mlamu wanga anabwera kunyumba, akuti kudzathokoza ndi kudzapepesa. Atamwa tiyi anapempha kuti alioneko thalauza lija pafupi. Analitembenuza uku ndi uku, n'kuliyeza pamimba, n'kulowa nalo ku bafa. Potuluka, chiuno chinali chitagwira bwinobwino popanda lamba, mpendero utagona pa nsapato mwaulemu wake. 36 ndi 29. Anazungulira kawiri pa galasi la pabalaza, manja ali m'matumba.

"Alamu, telala wanuyu ndi katswiri," anatero. "Paja jekete lija mumati ndi saizi chani?"